Kachigayo ka khofi: musagule ndi maso okha

M'masitolo ena a mu Lilongwe ndi pamalo ogulitsira katundu wakale mumapezeka tizigayo ta magetsi toperera khofi pakhomo. Kodi munthu wa ku Kawale, Biwi kapena Area 25 ataye ndalama zake pa kachipangizo kotere? Ine ndikuti inde, bola asankhe mofatsa.

Khofi anafika m'dziko muno m'chaka cha 1878 kudzera ku mishoni ya Blantyre. Alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka, Mzimba, Nkhata Bay ndi Ntchisi amalima mtundu wa Arabica, ndipo ambiri amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Chomvetsa chisoni n'chakuti wambiri amapita kunja, ife n'kumamwa wa m'zitini wochokera kutali. Banja lililonse logula khofi wathu limakulitsa msika wa mlimi wa kuno.

Nanga kupera wekha kuli ndi phindu lanji? Khofi akaperedwa, mpweya umamulowa ndipo fungo limathawa msanga. Njere zokazinga zimasunga kukoma kwa masabata angapo mukaziika m'botolo lotseka bwino. Choncho perani wongokwanira tsiku limenelo.

Tizigayoti tili mitundu iwiri. Ka mipeni n'kotsika mtengo, koma kamangodula njere mwachisawawa, zina kukhala ufa, zina misere. Ufawo umawawitsa khofi pamene miserewo sutulutsa kukoma konse. Ka mano kamaphwanya njere mofanana ndipo mungathe kukasintha kuti kapere mosalala kapena mokhakhala. Ngati thumba likulola, gulani ka mano. Ngati ayi, ka mipeni kagwiritseni modukizadukiza, mukukagwedeza, kenaka musefe.

Musanapereke ndalama, werengani zolembedwa pansi pake. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. Kachigayo kochokera ku America, kolembedwa 110 kapena 120, kadzapsa tsiku loyamba lomwe. Onaninso pulagi. Ya ku South Africa ndi ya mano obulungira ndipo silowa m'masoketi athu a mano atatu a makona. Wogulitsa akayese inu mukuona, ndipo muitanitse lisiti. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ina ndi ya kuzima kwa magetsi. Tonse tikukumbukira chaka cha 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, nyumba zambiri n'kumakhala mumdima maola ochuluka. Magetsi akabwera mwamphamvu atazima amaotcha zipangizo, n'chifukwa chake muzikazula pasoketi mukamaliza. Kwa amene nyumba zawo zilibe magetsi ku Mgona kapena ku Chinsapo, kachigayo kopukusa ndi dzanja n'kokwanira, ndipo sikachedwa kukonza. Ngakhale kamtondo koyera ndi sefa zimagwira ntchito, malinga musasinjiremo tsabola.

Chenjezo lomaliza likupita kwa amayi ndi abambo omwe. Kachigayo ka khofi si ka chimanga kapena nsinjiro. Chimanga chimabunthitsa mano ndi kutopetsa injini, pamene mafuta a mtedza amamata m'kati n'kuononga fungo. Kapukuteni ndi kansalu kouma, osakaviika m'madzi.

Koma musanagule, yambani mwapeza kumene muzigula njere za khofi wathu nthawi zonse. Popanda njerezo, kachigayoko kadzangokhala chokongoletsa pakabati.