Musanalipire fizi ya kompyuta, funsani kaye komwe kuli msika

Sabata yatha ndikulemba mitengo pa Chitakale, mayi wina wogulitsa nanazi anandikokera pambali. Mwana wawo wakhoza MSCE ndipo akufuna maphunziro a kompyuta. Kusukulu komwe anakafunsa anamuuza kuti asankhe pakati pa web development ndi programming. "Achimwene, ndalama ndi ya kuchipereganyu, sindingayiponye m'madzi. Chabwino n'chiti?"

Yankho langa ndi lakuti ngati ndalama ndi yochepa, mwanayo ayambe ndi web development.

Web development ndi luso lopanga mawebusaiti, masamba a pa intaneti aja mumatsegula pafoni. Wophunzira amayamba ndi HTML ndi CSS, kenako JavaScript. Ambiri amagwiritsanso ntchito WordPress, yomwe imafulumizitsa ntchito. Programming ndi yotakata: kulemba malamulo oti kompyuta itsatire, m'zinenero ngati Python kapena Java. Ntchito zonga Airtel Money ndi TNM Mpamba zimayendera mapulogalamu olembedwa ndi anthu a luso limeneli.

Inu alimi a kuno mukudziwa kusiyana kwa mpiru ndi nanazi. Mpiru mumathyola pakangotha masabata ochepa, pomwe nanazi mumadikira chaka ndi theka kapena kuposa. Web development ili ngati mpiru. Mwana wakhama akhoza kuonetsa ntchito yooneka ndi maso pakatha miyezi ingapo. Programming imafuna masamu, kudekha ndi zaka, ndipo olemba ntchito ambiri, monga mabanki ndi makampani a mafoni, ali ku Blantyre ndi Lilongwe ndipo nthawi zambiri amafuna dipuloma kapena digiri. Ngati mwana ali ndi mapointi abwino, ayesere MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre kapena NACIT. Imeneyo ndi nanazi: imachedwa, koma mtengo wake ndi wabwino.

Ubwino wina ndi wakuti JavaScript nayonso ndi programming. Woyambira pa mawebusaiti sanatseke chitseko. Akhoza kumapeza kangachepe uku akukwera pang'onopang'ono.

Komabe tisanamizane. Wogulitsa kaunjika pa Limbuli kapena tomato pa Nkando safuna webusaiti. WhatsApp ndi Facebook zimamukwanira. Ofuna webusaiti kuno ndi malo ogona alendo, operekeza alendo okwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula, sukulu zoyima pazokha, mabungwe ndi makopaletivi ofuna ogula akutali. Anthu amenewa si ochuluka, ndipo masiku ano zida za AI zikutha kupanga tsamba losavuta m'kanthawi kochepa. Amene angodziwa kukongoletsa tsamba basi adzavutika. Wodzadya bwino ndi amene angathenso kujambula katundu, kulemba uthenga wokopa ogula, kulumikiza njira zolipirira pafoni ndi kukonza zinthu zikasokonekera.

Tsono musanatulutse ndalama, chitani monga mumachitira pooda katundu. Malonda ndi m'maso. Funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi TEVETA kapena NCHE, ndipo muone chikalata chake. Pemphani akuonetseni mawebusaiti omwe ophunzira awo akale anapanga, muwatsegule pafoni yanu pomwepo. Werengani makompyuta omwe akuyaka, muyerekeze ndi chiwerengero cha ophunzira. Funsaninso chomwe chimachitika magetsi akazima. Sukulu yomwe ikungophunzitsa Word ndi Excel n'kumatcha zimenezo programming, ithaweni.

Powerengera mtengo musaiwale laputopu ndi bandulo. Luso limeneli silikhala m'kope. Mwana wopanda makina oyesererapo kunyumba amaiwala zonse asanalandire n'komwe satifiketi. Nthawi zina ndi bwino kugula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito kusiyana n'kuthera ndalama yonse pa fizi.

Mayi aja ndinawalangiza kuti ayambe ndi mayeso otchipa. Pa intaneti pali maphunziro aulere monga freeCodeCamp ndi W3Schools. Amugulire mwanayo bandulo ya mwezi umodzi, abwereke kompyuta kwa mnzake, ndipo apange tsamba la bizinesi yawo ya nanazi, lokhala ndi zithunzi, mitengo ndi nambala ya foni. Akalimaliza popanda womukankha, alipire fizi ndi mtima umodzi. Akagwa ulesi sabata yachiwiri, ndalama ya chipereganyu ibwerere ku mpamba.