Cipatala Cisatidwalitse Cisanatsegulidwe

Mu Lusaka muli liu limodzi limene limatseka anthu pakamwa: citukuko. Ukangofunsa za fumbi kapena matipa a pamalo omangapo cipatala, akuuza kuti udana ndi citukuko. Ife tikana zimenezo. Zipatala tizifuna, pakuti tonse tidziwa mmene mawodi amadzalila. Koma cipatala ca mabedi 800, monga ca King Salman ku Chalala, cili ngati katauni: odwala, manesi, obweletsa cakudya, maambulansi, maminibasi, ogulitsa pageti. Onsewa adzapita pamseu umene ana athu amaoloka popita kusukulu. Kufunsa za mseu umenewo si mwano.

Onani Levy Mwanawasa. Inatsegulidwa mu 2011, pambuyo pake anaikulitsa, ndipo ili pa Great East, mseu umene unyamula kale mamotoka a ku Chelstone, ku Chongwe ndi ku eyapoti. Ambulansi ikagwidwa mumzele wa mamotoka, mphindi zimene zitayika ni za munthu amene ali mkatimo. Conco geti ya ambulansi payokha, malo oimikapo maminibasi kunja kwa mseu, ndi pooloka anthu oyenda pansi ziyenela kukhala pa pulani njelwa yoyamba isanaikidwe. Zikaiwalika, zimabwela munthu atagundidwa kale.

Nthawi yomanga nayo ili ndi zake. Kuyambila Ogasiti mpaka Okutobala, fumbi imalowa m'nyumba, m'mapoto, m'zifuwa za makanda. Mankhwala ake si odula: kuthila madzi pamseu, kuphimba mcenga ndi tenti, kutsuka matayala tipa isanatuluke, ndi kuletsa matipa kuyenda m'mawa ndi madzulo pamene anthu apita ndi kucoka kunchito. Kontilakita amene aona kuti izi n'zodula afuna kuti ise tilipile ndi mapapo athu.

Coopsa kwambili cili pansi. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, ndipo madzi ali pafupi. Cimene mwataya pamwamba cimafika msanga m'zitsime ndi m'mabohoo. Sitinaiwale kolela ya 2017 ndi 2018, kapena Januwale 2024 pamene Heroes Stadium inasanduka malo a odwala. Ndiye tifunse: madzi oipa a m'mawodi adzapita kuti? Majekeseni ndi mabandeji adzawaochela pati, ndipo utsi udzaloza nyumba za ndani? Akaika konkili pamalo onse, madzi a mvula adzathawila mu komboni iti?

Ena amati zimenezi n'za mainjiniya, osati ise. Lamulo silitelo. Environmental Management Act ya 2011 inakhazikitsa ZEMA, ndipo nchito yaikulu yotele iyenela kukhala ndi lipoti yoonetsa mmene idzakhudzila malo ndi anthu. Lipotiyo imaikidwa poyela kuti anthu apelekepo ndemanga, ndipo ZEMA ikavomeleza imaika malamulo amene omanga ayenela kutsatila. Vuto ni lakuti malipoti amenewa ni aatali, ni a m'Cizungu ca akatswili, ndipo cidziwitso cimabisala m'nyuzipepala imene amayi a pamsika sagula. Kufunsa anthu m'cinenelo cimene samva sikuwafunsa.

Apa ndiye pali nchito yathu ise acinyamata. Tili ndi mafoni, tinaphunzila, tili ndi mawailesi a m'madela. Tipemphe lipoti, tiiwelenge, tiimasulile makolo athu m'Cinyanja. Tipite kwa khansala ndi ku Ward Development Committee ndi mafunso olembedwa. Tipemphe kuti pageti pakhale cikwangwani coonetsa maola a matipa ndi nambala yoimbilapo madandaulo. Tipa ikadutsa yosaphimba, tijambule, tilembe tsiku, titumize ku ZEMA ndi ku khonsolo.

Amangeni cipatala, ndipo cikule. Koma odwala ake oyamba asakhale anansi ake.