Goloboyi amene anasewera m'zigawo zonse za FIFA

Pa mpira wamiyendo pali osewera ambiri amene moyo wawo wonse wa ntchito umathera pa kusamuka, chifukwa kontirakiti yawo, chomwe ndi chikalata chonena za malipiro ndi nthawi imene wosewera atumikire timu, imakhala ya chaka chimodzi kapena miyezi yowerengeka chabe. Palibe amene anayenda mtunda wotere kuposa Lutz Pfannenstiel, goloboyi wa ku Germany wobadwa mu 1973 m'tauni ya Zwiesel, yemwe anagwirapo pagolo ku Penang m'dziko la Malaysia, ku Orlando Pirates ya ku Johannesburg, ku New Zealand ndi ku Canada, ndipo atalowa timu ya Hermann Aichinger ku Brazil mu 2008 anakhala woyamba kusewera mpira wolipidwa m'zigawo zonse 6 zimene bungwe la FIFA linagawa dziko lapansi.

Mbiri imeneyi imakoma poimva, koma mwini wake anailipira modula. Ku Singapore anakhala m'ndende masiku 101 pa mlandu wokonzeratu zotsatira za masewero, mlandu umene iye wakhala akuukana, ndipo pa 26 Disembala 2002, akusewerera timu yaing'ono ya Bradford Park Avenue ku England, anawombana ndi wosewera wa Harrogate Town mpaka kuleka kupuma katatu asanatsitsimutsidwe pabwalo pomwepo. Wosewera wotere akavulala sakhala ndi timu yomudikira kuti achire, ndipo nkhawa imeneyi ndi imene owonera samaiona. Pfannenstiel anamalizira kusewera ku Ramblers ya ku Namibia, kenaka anayamba ntchito yofufuzira timu ya Hoffenheim osewera aluso.