Dontho la magazi likhoza kupulumutsa ana a kwa Mphuka

Kwathu kwa Mphuka ku Thyolo, mwana akatupa tsaya timathamangira kunena kuti ndi dzino, ena amati am'lodza. Msuweni wanga wa zaka 7 tidamuchedwetsa chonchi. Titafika naye ku Queens ku Blantyre, madokotala adapeza kuti ndi Burkitt lymphoma, khansa ya maselo a m'magazi yomwe imagwira ana ambiri m'dziko muno. Adachira, koma zidali za mwayi, chifukwa chotupa cha khansayi chimakula m'masiku ochepa chabe.

N'chifukwa chake nkhani ya microRNA ikundikhudza. Tinthu ting'onoting'ono timeneti timagwira ntchito ngati kapitawo wa pa esiteti: timalamula selo kuti lichepetse kupanga puloteni yakutiyakuti. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun adatitulukira mu 1993 ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 2024. Mu 2002, George Calin ndi Carlo Croce adapeza kuti miR-15 ndi miR-16 timasowa mwa odwala ambiri a khansa ya m'magazi yotchedwa CLL. Pomwe miR-155 imachuluka mu mitundu ingapo ya lymphoma. Kachirombo ka Epstein-Barr, komwe pamodzi ndi malungo kamathandizira kuyambitsa Burkitt, nako kamapanga ma microRNA akeake.

Tinthuti timapezeka m'magazi ndipo sitiwonongeka msanga, kotero akatswiri akufufuza ngati dontho la magazi lingaulule khansa isanakhwime. Kunena zoona, mankhwala olimbana ndi microRNA sadavomerezedwebe. Tisanamize anthu.

Koma tisakhalenso owonerera. Kuyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi n'kuyeza RNA, ndipo timachita kale: magazi amaumitsidwa pa kapepala kuchipatala chakumudzi n'kutumizidwa ku labotale. Boma la Thyolo, komwe Médecins Sans Frontières idayamba kupereka ma ARV mu 2003, lidasonyeza dziko kuti chithandizo chovuta chimatheka kumudzi.

Pempho langa kwa Unduna wa Zaumoyo, KUHeS ndi MUST yomwe ili pompano pa Ndata n'lakuti aikepo ndalama ndi ophunzira pa kafukufukuyu. Zizindikiro zopezeka mwa odwala a ku Ulaya sizingafanane ndendende ndi za mwana amene wadwala malungo kambirimbiri.

Podikira zimenezo, makolo anzanga a m'mawa, chotupa cha pa tsaya, pakhosi kapena pamimba chisagonetsedwe. Ngakhale tsiku la ganyu wothyola tiyi litayike, pitani naye kuchipatala lero.