Lonjezo la Umoyo Lisanduke Lamulo

Malamulo Aakulu a dziko la Malaŵi, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, adasenzetsa Boma udindo wopereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo. Gawo 13 likunena zimenezi, ndipo gawo 30 likulamula kuti anthu onse akhale ndi mwayi wofanana wopeza chithandizocho. Koma gawo 14 likufotokoza kuti mfundo za m'gawo 13 nzolozera njira chabe, ngakhale makhoti angaziganizire potanthauzira malamulo. Motero mayi wa ku Nsanje amene wabwezedwa kuchipatala wopanda mankhwala amasoŵa lamulo lomveka loti aimirepo.

Apa mpamene pagona ntchito ya Nyumba ya Malamulo. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, Boma lidadalira lamulo la zaumoyo la 1948, lolembedwa m'nthaŵi ya atsamunda. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700. Dziko loona zotere liyenera kukhala ndi lamulo logwirizana ndi mavuto a makono, ndipo aphungu adasonyeza kale kuti nzotheka pamene adavomereza lamulo la HIV ndi Edzi, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018.

Lamulo lofunikalo linene poyera chithandizo chimene munthu aliyense ayenera kulandira mwaulere, kuyambira pachipatala chaching'ono cha kumudzi kufikira ku Queen Elizabeth. Litchule woyenera kuyankha mankhwala akatha kapena akabedwa, ndi kumene wodwala angakadandaule. Liteteze mapangano a Boma ndi zipatala za mishoni za CHAM, chifukwa m'madera ambiri zimenezi ndizo zili pafupi ndi anthu. Koposa zonse, lamulolo liyende ndi ndalama. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa adalonjeza kupatula K15 pa K100 iliyonse ya bajeti kuti ipite ku zaumoyo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera afotokozere anthu za ufulu wawo ndi kutumiza madandaulo awo kwa aphungu. Ogwira ntchito m'Boma akumbukire kuti m'busulo umodzi wobedwa ndi moyo wa munthu. Anthu odwala sangalime, ndipo dziko losalima silingatukuke.