Mabvuto Kapena Mavuto?

Alipo anthu amene amati, "Dzina ndi dzina. Kulemba Mabvuto kapena Mavuto n'chimodzimodzi, pakuti mwana timamuitana ndi pakamwa." Mawu amenewa ndiwakana, ndipo ndifuna kuti inunso amene mwaphunzira kuwerenga muwakane.

Malembedwe awiriwa ali ndi chiyambi chake. Makolo athu ambiri anaphunzira kuwerenga m'Buku Lopatulika la mu 1922, ndipo masiku amenewo anthu ankalemba Mabvuto ndi Cifundo. Mu 1973 bungwe la Chichewa Board linatulutsa malamulo a kalembedwe, ndipo mabuku a sukulu a lero alemba Mavuto ndi Chifundo. Tsono wolemba Mabvuto sali mbuli ayi, atsata zakale. Wolakwa ndiye kholo limene lisiya dzina la mwana wake m'manja mwa yense wogwira cholembera.

Taonani chimene chichitika. Namwino wa kusikelo alemba Mavuto. Mlembi wa mpingo, amene ali nkhalamba, alemba Mabvuto pa kalata ya ubatizo. Ife aphunzitsi tilemba m'kaundula chimene tamva, ndipo dzina lomwelo lipita ku MANEB ndi kutuluka pa satifiketi. Chiyambire kalembera wa mu 2017, Mmalawi wamkulu ayenda ndi chiphaso cha unzika. Nanga mnyamatayo akadzafuna ntchito kapena pasipoti, dzina la pa chiphaso nkusiyana ndi la pa satifiketi, adzatani? Kalaliki sadziwa mudzi wanu, sadziwanso agogo ake a mwanayo. Iye awerenga zilembo zokha. Kwa iye ameneyo ndi anthu awiri. Kotero mwana wanu adzataya ndalama ndi masiku kukalumbira ku boma kuti iye ndi iye yemwe. Zonsezi chifukwa cha "b" mmodzi!

Uphungu wanga ndi uwu. Mwana wobadwa lero mlembereni Mavuto, monga adzaonera m'mabuku ake. Koma ngati mwamutcha dzina la agogo ake amene ankalemba Mabvuto, sungani "b" ameneyo, ndipo musamsiye ngakhale tsiku limodzi. Atate ndi amayi mugwirizane mwana asanatuluke m'chikuta. Lembani dzinalo ndi dzanja lanu papepala, mulionetse kwa namwino, kwa mlembi ndi kwa mphunzitsi, ndipo muwerenge chimene alemba musanachoke. Akaphonya chilembo, nenani pomwepo mopanda manyazi. Kuwongola mtengo n'poyamba.

Kodi simunaphunzire kuwerenga chifukwa cha ntchito zotere?