Makolo anzanga, muoneni kaye mwana musanagule mabuku a masamu

Inu makolo anzanga amene mwasankha kuphunzitsa ana anu pakhomo, kaya muli ku Johannesburg, ku London kapena kuno kwathu, ndikukupemphani kuti musathamangire kugula mabuku a masamu chifukwa choti mnzanu wawatama. Yambani mwakhala pansi ndi mwanayo, mumupatse nyemba kapena zitsekerero za mabotolo, muone mmene akuwerengera.

Ogulitsa adzakuuzani kuti mwana wina amaphunzira ndi maso, wina ndi makutu, wina ndi manja. Koma mu 2008, Harold Pashler ndi anzake ataunika kafukufuku wa nkhaniyi, sanapeze umboni wokwanira woti kugawa ana m'magulu otere kumawathandiza kukhoza. Chonde musamuike mwana wa zaka 6 m'gulu n'kumutsekera momwemo. Ana amasiyanadi, koma pa liwiro, pa zimene akudziwa kale, ndiponso pa nthawi imene angakhale pansi osatopa.

Mabukunso amasiyana pa zomwezi. A Saxon, amene anayambitsa John Saxon, amapereka chatsopano pang'ono n'kumabwereza zakale tsiku ndi tsiku. Mwana woiwala msanga amapindula nawo, pamene wogwira zinthu mwachangu angathe kunyong'onyeka. A Math-U-See amakhazikika pa mutu umodzi mpaka mwana aumvetse, ndipo amagwiritsa ntchito timabuloko tamitundumitundu. A RightStart amadalira abakasi ndi masewera a makhadi, koma amafuna kholo likhalepo pa phunziro lililonse. Ngati mumagwira ntchito usiku, ganizirani bwino zimenezi.

Ine mtima wanga uli pa njira ya ku Singapore, imene inakhazikika m'zaka za m'ma 1980 potsatira maganizo a Jerome Bruner. Mwana amayamba wagwira zinthu zenizeni, kenako amazijambula, ndipo manambala amabwera pomalizira. Mwana amene wagawa yekha nyemba 10 kukhala 7 ndi 3, kenako 6 ndi 4, akadzaona 10 - 4 papepala sachita mantha, chifukwa manja ake anazidziwa kale. Amene anangoloweza yankho amasowa pogwira funso likangosintha pang'ono. Izitu sizifuna ndalama zambiri. Mwana amene amatha kufesa nkhomo pa bawo wayamba kale masamu.

Ambiri mwa osindikiza mabukuwa amaika zitsanzo za maphunziro pa intaneti kwaulere. Ziyeseni ndi mwana wanu musanalipire. Mukasankha, khalani nawo mabukuwo kwa nthawi. Kusinthasintha kumasiya mipata m'mutu mwa mwana. Bukulo likakhala la Chingerezi, musachite manyazi kumufotokozera m'Chichewa ngati ndicho amamva bwino.

Ndipo tsiku limene misozi yayamba kulengeza m'maso mwa mwana, musamukalipire kapena kumutcha mbuli. Tsekani bukulo, bwererani ku nyemba, mudzapitirize mawa.